Lembani 3 Malichi

Ana inu, Tadala ndi Yamikani, khalani pansi. Ndikanati foni ikani patali, koma ndi momwe muwerengere izi, ndiye igwireni. Ndalemba m'kope, Esinati wajambula masamba nkutumiza. Esinati ndi mayi wa ku Thyolo amene amalera ana m'nyumba imene ndimagwira ntchito kuno ku Jumeirah, m'dziko la Aluya. Zilembo zanga musaseke. Ndinalekeza Sitandade 5.

Nkhani ndi ya mwala. Mayi anu andiuza kuti mmisiri wa chiliza cha agogo anu aakazi watsala pang'ono kumaliza. Dzina walemba, tsiku lomwalira walemba. Watsala mzere umodzi, wa tsiku lobadwa. Chiphaso cha boma chikuti 3 Malichi. Iwe Tadala wapeza khadi la ubatizo m'sutikesi mwawo, pansi pa zitenje, ndipo likuti Ogasiti. A Gelesomu, mlongo wawo wa agogo anu, akuti palembedwe za pakhadi, chifukwa manda sanamizidwa. Ine mwandifunsa kumapeto, ngati munthu wongodutsa ndi njira. Chabwino. Ndiyankha. Ndiyankha motalika, kamodzi kokha, ndipo musazolowere.

Iwe Yamikani unanditumizira chinthu chija sabata yatha, mndandanda wa pafoni wa zimene zinachitika pa 3 Malichi padziko lonse. Mafumu, nkhondo, oimba, anyamata othamangitsa mpira. Unati, "Agogo, onani anzanu obadwa nawo tsiku limodzi." Ndaona. Palibe ndi mmodzi yemwe amene ndinadyapo naye. Mmodzi yekha ndamusunga, mzungu uja akuti anapanga telefoni. Ameneyo ndili naye mawu, ndinena kutsogoloku. Mndandanda wako ndi wautali koma ndi woperewera. Wanga ndi uwu.

Choyamba ndine. Ndinabadwa pa 3 Malichi 1959, kwathu ku Ntchisi. Anzanga ambiri sadziwa tsiku lawo. Ukawafunsa amati chaka cha dzombe, kapena mvula itakokolola mlatho, kapena mawere akucha. Ngakhale kuno zilipo. Mnzanga wina wa ku Chipata, mlonda ku Al Furjan, dera lina la mzinda uno, pasipoti yake imati 1 Januwale. Anzake anayi a m'chipinda chake, ochokera mayiko osiyanasiyana, nawonso 1 Januwale. Alembi a dziko lonse lapansi akatopa amalemba tsiku lomwelo.

Langa silisowa. Ndi tsiku limene boma la azungu linagwira anthu mbandakucha, ndipo ku Nkhata Bay ena anawomberedwa padoko. Zimenezo munaphunzira kusukulu. Chimene simunaphunzire ndi choti mphekesera itafika kwathu amuna onse anathawira kuphiri, bambo anga ali patsogolo. M'mudzi munatsala akazi, nkhuku, ndi mayi anga nthawi yawo itakwana. Galimoto itamveka kumsewu, ine ndi pamene ndinatuluka nkuyamba kukuwa. Azamba anandiika chala pakamwa nkumati, "Tonthola, tonthola, utiphetsa." Galimotoyo inali ya mwini sitolo, yonyamula mchere. Koma dzina linatsala. Agogo anu ankati dzinalo ndinalimvera mopitirira muyezo.

Masiku ano 3 Malichi ndi holide chabe. Mumachapa, mumaonera mpira, ena mpaka amakwatitsa. Ife tikukula silinali tsiku losewera nalo. Kulima ayi. Kugulitsa ayi. Mowa ayi, ng'oma ayi. Wailesi inkalira nyimbo zachisoni kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Ukafuna kuseka unkayamba wayang'ana kumbuyo. Anyamata a malaya ofiira ankayenda m'midzi ndi ndodo, makutu ali tcheru, kufunafuna amene chisoni chake chachepa. Ndiye taganizani. Tsiku lako lobadwa, dziko lonse lili khuma. Ndili mwana ndinkayesa akudandaula za ine.

Nditakula ndinaphunzira kukhoma zidebe. Inu mukudziwa mabigili apulasitiki, likang'ambika mumataya kudzala. Kale chidebe chinali cha malata, chikabooka chinkadikira ife. Ndinkayenda pa njinga ya bambo anga, kumbuyo nditamanga bokosi. M'bokosimo nyundo ziwiri, yaikulu ndi yaing'ono, sizasi yodulira malata, ndi kachidutswa ka njanji kokhomerapo, kolemera ngati mwana wa mbuzi. Zitini zakutha ndinkapanga nazo nyale za koloboyi. Iwe Yamikani sunaonepo koloboyi, umangodziwa kudandaula magetsi akazima. Tinkawerengera imeneyo, m'mawa mphuno zili bii ndi mwaye.

Ukafika pamudzi sunkaitana munthu. Unkangomenya njanji katatu, akazi nkumatuluka okha ndi ziwiya zawo zodontha. Ena ankalipira nyemba, ena mazira, ena kukuuza kuti Mulungu akudalitse. Njinga ikaphulika tayala pakati pa thengo unkaika udzu m'malo mwa chubu nkumapita. Inali ntchito yaphokoso. Munthu wosalankhula imamuyenera, nyundo imamulankhulira.

Chaka china, ndili ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, 3 Malichi anandipeza kutali, ku Dedza, m'mudzi mwanumo. Ndinafika dzulo lake mvula itandinyowetsa, anandipatsa pogona m'gowelo la anyamata. Kutacha sindikanakhoma kanthu, sindikanapalasa. Ndinakhala pakhonde kuyang'ana mapazi anga. Inali nthawi ija njala imaluma komaliza, chimanga m'munda chitatsala pang'ono, nkhokwe zili pululu. Ana ankalira motsitsa. Nawonso ankalidziwa tsikulo.

Dzuwa litakwera ndinamva kanthu. Osati ndi makutu, koma pamene ndinakhalira. Pansi pankagunda. Du. Du. Du. Munthu wa nyundo amadziwa kugunda. Ndinatsatira, kudutsa kuseri kwa makola, kulowa m'munda wa chimanga. Pakati pa munda ndinapeza mtsikana. Mtondo anaukwirira m'dzenje mpaka m'khosi nkuuzinga ndi masaka onyowa kuti usamveke. Ankasinja chimanga chosauma kuti apeze chitibu, thukuta lili kamukamu.

Anandiona. Sanathawe. Anaima, musi uli m'manja ngati akufuna kundiyeza nawo mutu.

"Mwabwera kudzandigwira?"

"Ayi."

"Nanga mwadzatani?"

"Ndamva kugunda."

"Mwamva. Ndiye mwaima ngati chitsa bwanji? Musi wina uwo. Tikasinja awiri titha msanga."

Ine mwamuna, musi sindinaugwirepo chibadwire. Ndinagwira. Usaseke Yamikani, iwe ngakhale mbale yako sutsuka. Tikusinja anandiuza kuti mayi ake akudwala, ndipo alongo ake awiri sanadye chinthu chenicheni kuyambira dzana. Mmodzi mwa alongowo ndi a Gelesomu omwewa, nthawi imeneyo mamina ali mpaka pachibwano. Pamenepa muwawerengere mokweza.

Misi iwiri imachita phokoso la misi iwiri. Zimenezo sitinaganize. Anyamata a malaya ofiira anabwera atatu, tinawamva akuthyola mapesi. Mtsikana uja anagoneka misi mumzere nkukhala pamtondo, chitenje chitaphimba zonse, ngati munthu amene wapatukira kuthengo. Ine ndinatuluka kukakumana nawo.

"Chikugunda kuno n'chiyani?"

"Ndine."

"Ukugunda chiyani?"

"Ndimawongola chidebe."

"Chili kuti chidebecho?"

"Chakana kuwongoka. Ndataya."

Bodza loipa. Sindinazolowere. Awiri anandimenya makofi, wachitatu anaphonya. Ananditengera kumsewu pa chithaphwi cha matope, nkundiuza kuti ndigubuduke uku ndi uku mpaka chisoni chindilowe. Ndinagubuduka. Nyundo yanga yaikulu anatenga, sinabwerere mpaka lero. Inali nyundo yabwino.

Chakumadzulo ndili kudambo kuchotsa matope m'makutu, mtsikana uja anabwera ndi chidebe pamutu, chodontha. Anatulutsa chimanga chimodzi chootcha chimene anabisa m'chitenje.

"Munanamiranji?"

"Kaya."

"Kaya si yankho."

Ndinangonena chimene chinali m'mutu. "Lero ndi tsiku langa lobadwa."

Anandiyang'ana, matope ali m'tsitsi, tsaya litatupa. Analuma nsonga ya chitenje kuti kuseka kusamveke. Mapewa okha ndiwo ankagwedezeka, mpaka misozi kutsika.

"Munasankha bwino tsiku, bambo a zidebe."

"Sindinasankhe."

"Ndiye anakuphikiranipo ndani chibadwire?"

"Palibe. Sizololedwa."

"Idyani chimangacho. Mawa mundikhomere chidebechi."

Chidebe chimenecho ndinachikhoma masiku anayi. Chinali ndi bowo limodzi.

Dzina lake Esitere, NaPhiri. Ndiwo agogo anu. Chaka chotsatira ankhoswe anakumana, ndinamanga nyumba pamudzi pawo, ndinakhala mkamwini. Inu mumaona ngati ndine wa pamenepo. Sindine. Munda umene ndinalima zaka zonse zija ndi wa kwa agogo anu. Mango aja ndinabzala ndine, koma mthunzi ndi wanu. Sindikudandaula. Anandisunga bwino.

Chaka chilichonse pa 3 Malichi, masana, agogo anu ankatseka chitseko nkutulutsa chimene abisa. Kawirikawiri linali dzira lophika dzulo lake. Nthawi zina chigumu. Chaka chabwino kankhuku. Tinkadya chete ngati akuba. Mayi anu, Rute, atabadwa ankawatseka pakamwa ndi dzungu. Zinthu zitasintha, malaya ofiira atatha, anthu nkuyamba kuchapa ndi kuimba pa tsikulo, ine ndinati tsopano tidyere panja ngati anthu. Anakana. "Panja sizikoma," anatero. Tinapitiriza kutseka chitseko.

Chaka cha njala yaikulu ija, mayi anu ali mtsikana, nkhuku zonse tinali titagulitsa. Ndinati chaka chino tisiye. Masana ndinangomva chitseko chikutsekedwa. Anatambasula dzanja, munali nthanga za maungu zokazinga, zokwana kubisa m'chikhatho. Anazigawa pawiri pamphasa, imodzi yotsala anailuma pakati. Kuno ndadyapo zotsala za maphwando a abwana, nyama za mayina ovuta. Palibe chimene ndimachikumbuka kukoma kwake.

Ndabwerera m'mbuyo pang'ono. Chaka cha referendamu ndi pamene boma linatifunsa masiku athu koyamba. Tinapita kukalembetsa kusukulu ya pulaimale, pamzere wautali. Wolemba anali mphunzitsi wovala tayi. Ine ndinanena langa, analemba. Kenako agogo anu.

"Mayi, munabadwa liti?"

"Lembani lomwelo."

"Lomwelo liti?"

"La bambowa."

"Mayi, simungabadwe tsiku limodzi ndi amuna anu. Ndinu mapasa?"

"Inu munalipo?"

Mphunzitsi anayang'ana kutalika kwa mzere, nalemba.

Pobwerera ndinawafunsa. Anati anabadwira kumigodi ya ku Zambia kumene bambo awo ankagwira ntchito, mapepala onse anatayika pobwera kumudzi, ndipo mayi awo sankadziwa kuwerenga miyezi. Ndinakhulupirira. Osadziwa tsiku lawo anali ambiri. Ndinkaona ngati ndawabwereka tsiku langa, monga umabwerekera munthu jekete. Ndinkanyada nazo pang'ono, ndisaname.

Pulasitiki itabwera zidebe zinatha. Ndinapita ku Lilongwe kukagwira ntchito ya m'maluwa kwa bwana wina wamalonda. Iye posamukira kuno ananditenga, akuti maluwa ake sadziwa dzanja lina. Ndinati ndikhala zaka ziwiri. Chino ndi chaka cha khumi ndi chitatu. Iwe Tadala ndinakusiya ukulephera kutchula dzina lako, lero ukundiphunzitsa za makhadi. Kumudzi ndinkabwera kamodzi pa zaka ziwiri, mwezi wa Ogasiti, pamene abwana amathawa kutentha. Ndiye kuti ndimapeza fumbi ndi mapesi ouma. Chimanga chobiriwira chili chiimire m'munda sindinachione ndi maso anga zaka zonsezi.

Kuno nyengo ndi yotembenuka. Kwanuko Malichi ndi mvula yomaliza, maungu, mondokwa, nkhwani wothira nsinjiro. Kuno ndi kumapeto kwa kuzizira. M'mawa kumagwa nkhungu yochokera kunyanja, ndimavala juzi, pofika teni koloko ndavula. Maluwa amene ndinabzala Novembala ali pa kukongola kwake komaliza, moto ukubwera. Dothi ndi logula m'matumba. Madzi amayenda m'timapaipi takuda, amatseguka okha nthawi ikakwana. Khasu lilibe ntchito. Nthawi zina ndimathira madzi pa mchenga wotentha kuseri kwa galaja nkununkhiza. Silifanana ndi fungo la mvula yoyamba, koma limayandikira.

Pa 3 Malichi agogo anu ankandiimbira foni. Ine ndinkatseka chitseko cha kachipinda kanga, iwo nkutseka chawo. Ine dzira, iwo dzira. Tinkadya foni ili pakati, osalankhula zambiri. Bashir, dalaivala wa ku Pakistan amene chipinda chake chagundana ndi changa, anandifunsa tsiku lina. Timamvana ndi Chingerezi chothyoka ndi manja. Amanditchula chacha, ndiye kuti amalume.

"Chacha, foni yadula?"

"Ayi. Tikucheza."

"Kucheza kwake kumeneko? Anthu a ku Malawi mumawononga mayunitsi."

Kenako matenda aja. Malichi wa 2020 tinadya dzira lathu bwinobwino. Patangopita masabata ochepa mzinda unatsekedwa. Inu simuudziwa mzinda uno. Sukhala chete, magalimoto amalira ngati mtsinje wodzaza. Tsiku limodzi zonse zinangoti zii. Kutuluka pageti mpaka upemphe chilolezo pafoni. Kugombe kopanda munthu. Ndinaima pabwalo ndi paipi m'manja nkumamva njiwa zikuyenda padenga. Thupi linazindikira msanga kuposa mutu. Ndinapezeka ndikuyenda monyang'ama, ndikutsekula mpopi pang'onopang'ono kuti usamveke.

Ndinawaimbira. "NaPhiri, kuno kwagwa 3 Malichi wa tsiku ndi tsiku."

"A malaya ofiira aliko?"

"Wa kuno savala malaya. Saoneka."

"Ndiye kwirirani mtondo, bambo a Rute. Musatuluke. Ndikufuna mubwere ndi mapapo anu onse awiri."

Ankaopera ine. Ine wa mumzinda wa ndege, iwo a kumudzi kumene anthu ankati matenda safikako. Ogasiti wa chaka chimenecho unali wanga wobwera. Sindinabwere, njira zinali zotseka. Anati palibe kanthu, mudzabwera winawo.

Januwale wotsatira inu munalipo, mukudziwa kuposa ine. Ine ndikudziwa za pafoni zokha. Lachiwiri agogo anu ankatsokomola nkumandiuza kuti ndi fumbi la m'nkhokwe. Lachisanu mayi anu anati awatengera kuchipatala. Lamlungu m'mawa ndikudulira mpanda wa maluwa foni inalira. Ndinaona dzina la mayi anu, ndinadziwa ndisanayankhe. Madamu anatuluka, anaona nkhope yanga, anati ndi Chichewa chawo cha ku Lilongwe, "Pita, Tonthola, yalla, fulumira, tikiti tigula." Koma kuyezetsa kunkafuna masiku, ndege masiku, ndipo kwanuko ankati maliro otere asagone. Dzuwa lisanalowe anali ataikidwa.

Iwe Yamikani ndiwe unagwira foni kumanda, utaima patali monga anakuuzirani. Sindikukudzudzula. Ndinaona anthu ovala zoyera ngati opopera mankhwala m'munda wa thonje. Kumbuyo kwawo ndinaona chimanga chofika m'chiuno. Bokosi litayamba kutsika, chithunzi chinaima. Chinangouma, anthu ali chiweramire. Ndinagwedeza foni. Ndinakwera pa thanki ya madzi kusaka netiweki, nkhalamba ngati ine. Pamene inkabwerera munali muli panjira kubwerera kumudzi, ndikungoona mapazi ako. Ndiwo mawu amene ndili nawo ndi mnzanga wa telefoni uja. Chinthu chake chinandionetsa zonse kupatula chimene ndinkafuna.

Kutchalitchi ku Oud Metha, kumene a kwathu timakumana, okalamba sankatilola nthawi imeneyo. Panalibe siwa, panalibe wondikhazika pamphasa. Esinati anabwera, anakhala pansi panja pa chitseko changa, miyendo atatambasula monga achitira akazi pamaliro, nalira munthu amene sanamuonepo. Analira bwino, mwa kwawo. Mayi anu atandiuza kuti kumudzi mwameta, ndinapita kwa Bashir ndi lezala.

"Chacha, tsitsi lako ndi lochepa kale."

"Meta."

"Lonse?"

"Lonse."

Anameta atavala masiki, osafunsanso. Atamaliza anasesa tsitsi nkundifunsa kuti alitaye kuti. Ndinalikwirira patsinde pa mtengo wa mandimu wa abwana. "Khalas," anatero Bashir, ndiye kuti zatha. Sizinathe, koma anayesetsa.

Pa 3 Malichi wa chaka chatha ndinaphika mazira awiri mosaganiza. Ndinatseka chitseko. Lachiwirilo ndinaliyang'ana mpaka linazizira, kenako ndinadya, chifukwa agogo anu ankadana ndi kutaya chakudya.

Mwandifunsapo chifukwa chake sindinabwere pambuyo pake. Ndinkati malamulo a maulendo, ndinkati viza ya munthu wamkulu ngati ine ndi yovuta. Zina ndi zoona. Chenicheni ndi ichi: kuno ndikatseka maso amakhala ali pakhonde akusankha nyemba. Ndikafika ndidzapeza khonde lokha. Koma Ogasiti uno ndikubwera kudzaona chiliza, abwana ndawauza kale. Ndikubwera ndi masutikesi onse.

Tsopano khadi lako, Tadala. Unalijambula mbali zonse ziwiri, ndaliyang'ana masiku asanu. Ndi lenileni. Dzina ndi lawo, dzina la bambo awo lilipo, chidindo ndi cha mpingo wa kumigodi. Ogasiti, zaka ziwiri pambuyo pa ine. Unati unalipeza litakulungidwa m'pepala la shuga pamodzi ndi khadi la sikelo la mayi anu. Ndiye kuti silinatayike. Ndiye kuti ankalisamala kuti chiswe chisalidye. Ndipo agogo anu ankawerenga, Baibulo lawo mukudziwa mmene linathera m'makona.

Ankadziwa. Tsiku lija pamzere, pamaso pa mphunzitsi wa tayi, ankadziwa. Ziphaso zatsopano zitabwera, ine ndili kuno, anapita okha kukalembetsa. Wowaona panalibe, khadi linali m'sutikesi. Ananenanso 3 Malichi. Ndipo ine ndinkabwera Ogasiti. Tsiku lawo lenileni linkandipeza pakhonde pawo, ndikudya zimene aphika, ndikudandaula za mchere. Osanena ngakhale liwu limodzi.

Poyamba ndinakwiya. Zaka pafupifupi makumi atatu munthu kundinamiza ndili maso. Ndinamufotokozera Esinati zonse, ndi za jekete zomwe. Anaseka mpaka anakhala pa ndowa.

"Bambo, inu munanama za chidebe, iwo ananama za tsiku. Munapezana."

"Si zoseketsa."

"Nanga mukuti munawabwereka jekete? Munthu amene jekete lake lili m'sutikesi, akavala lanu si chifukwa cha kuzizira."

Ndinamuuza kuti akaone ana a madamu. Akazi a ku Thyolo amalankhula kwambiri.

Tsopano mverani, ndipo apa muwerenge pang'onopang'ono pamaso pa a Gelesomu. Manda ndi a mbumba yawo. Mkamwini salamula kumanda kwa eni ake. Malo anga ndimawadziwa. Ndikudziwanso ichi, chimene inu ana simunaganize: ine ndikadzafa simudzandiika pamenepo. Abale anga adzabwera ndi galimoto kudzanditenga, ndikagone ku Ntchisi pafupi ndi mayi anga. Ndi mwambo, sindikupempha kuti muuthyole. Agogo anu ku Dedza, ine ku Ntchisi, pakati pali Lilongwe yense ndi mitsinje yake. Ndili moyo ndinawasiya okha zaka zonsezi, ndikunena kuti chaka chamawa, chaka chamawa. Kumandako kulibe tchuthi.

Miyala iwiriyo siidzaonana. Chimene ingakhale nacho chofanana ndi mzere umodzi umenewu. Munthu wodutsa adzangowerenga nkumapita. Inu mudzadziwa.

Alamu, a Gelesomu. Zaka makumi anayi ndine mkamwini wanu. Sindinapemphepo munda wowonjezera, sindinaikepo mlomo pa mlandu wa mbumba. Mukuti manda sanamizidwa, ndipo ndikuvomera. Koma tsiku la pakhadi mlongo wanu anangopatsidwa ali khanda, asanadziwe kanthu. Ili anasankha yekha, kawiri, pamaso pa boma, khadi ali nalo. Ndikupempha ndi manja awiri. Mmisiri alembe 3 Malichi.

Chaka chokha alembe cha pakhadi. Akadzazindikira kuti mwawakulitsa ndi zaka ziwiri, mukayankha nokha.

Mukakana sindidzakangana nanu. Ndidzabwera, ndidzaima pamene mudzandiimike, ndidzaimba nawo nyimbo. Koma zikatero, Tadala, khadilo usalitaye. Ulisunge m'pepala lake lomwelo. Nthawi yanga ikadzakwana udzapite nalo ku Ntchisi, ukalipereke kwa mmisiri wa kumeneko. Pa mwala wanga adzalembe Ogasiti.